Kucoka pa Nkhwangwa Kufika pa Chainsaw: Mbiri ya Nkhuni za ku Mambwe

Pa masamba a malonda a pa Facebook komanso m'mashopu a zitsulo ku Lusaka ndi ku Chipata, chainsaw yakale yasanduka katundu wofunidwa. Wogulitsa amalumbira kuti ndi ya ku Germany yeniyeni, kuti makina a masiku ano sangafikepo. Mnyamata amene wasunga tindalama ta maganyu amayamba kuwerengera: kugula makina, kupita kumudzi, kudula nkhuni, kudzaza Canter, kugulitsa m'tauni. Kumudzi kumene ambiri amaganizako ndi kuno kwathu ku cigwa ca Luangwa, m'boma la Mambwe, kumene mitengo ya mupani ikali yoimirira.

Musanatulutse ndalama, ndi bwino kudziwa kumene makinawa anacokera ndiponso cimene amasintha akafika m'nkhalango. Kwa zaka mazana ambiri, cimene cinkateteza mitengo ya m'cigwa sanali mapepala a boma. Kunali kutopa kwa mkono wa munthu. Chainsaw inacotsa kutopa kumeneko, ndipo funso limene tatsala nalo ndi lakuti m'malo mwake tiikapo ciani.

Nthawi ya nkhwangwa

Eni nthaka a Mambwe ndi Akunda, amene ali ndi mafumu asanu ndi mmodzi: Nsefu, amene ndi mfumu yaikulu, Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro. Mbiri yao imati anafika m'cigwa m'zaka za m'ma 1800 motsogozedwa ndi Mambwe, ndipo dzina la boma lathu linacokera pamenepo. Cida cimene anali naco pa mitengo cinali nkhwangwa yosulidwa ndi amisiri a kumudzi: kacitsulo kopyapyala kolowetsedwa mu mpini wa mutu waukulu.

Aliyense amene anayesapo kutema mupani, umene ena amati tsanya, adziwa kuti mtengowu susewera. Mtima wake ndi wolimba ndiponso wolemera kwambiri moti cipika cake cimamira m'madzi. Ciswe cimaulephera. Nkhwangwa ikamenya pa mupani wouma imalira ngati yagunda mwala, ndipo imabuntha msanga. N'cifukwa cake munthu sankadzuka cabe n'kukagwetsa mupani waukulu kuti apeze nkhuni zophikira nsima. Mtengo waukulu unkagwetsedwa pa cifukwa cacikulu, monga nsanamira za nyumba kapena miyendo ya nkhokwe.

Nkhuni zinali nchito ya kutola. Amai ndi atsikana ankalowa m'thengo kukasonkhanitsa nthambi zouma zogwa zokha ndi zothyoledwa ndi njovu, n'kumanga mtolo umene mutu ungasenze. Muyeso unali womwewo: mtolo umodzi, mutu umodzi, ulendo umodzi. Pamwamba pa muyeso umenewu panali miyambo. Mitengo ya kumanda sinkakhudzidwa. Mitengo ya zipatso monga mcenja, bwemba ndi masau inkasiyidwa ngakhale pakati pa munda, pakuti inkadyetsa ana nthawi ya njala. Ngakhale kumpoto kwa Abemba, kumene kuli ulimi wa citemene, amuna ambiri ankakwera mumtengo n'kusadza nthambi zokha, thunthu n'kulisiya kuti liphukenso.

Tisawapange makolo athu kukhala angelo. Naonso ankatentha chire, ankatsegula minda, ankagwetsa mitengo pofuna uci. Koma anthu anali ocepa, cida cinali cofooka, ndipo panalibe wogula nkhuni. Nkhalango inkapeza nthawi yopuma.

Sowo, fodya ndi migodi

Atsamunda ndi amishoni anabweretsa zinthu ziwiri: sowo ndi msika. Maofesi a boma, masukulu ndi machalichi ankafuna zitseko, mabenchi ndi mitanda ya denga. Kuno kwathu mishoni ya Anglican ya ku Msoro inayamba ca m'ma 1910, ndipo wansembe amene anaikhazika anali Leonard Kamungu wocokera ku Nyasaland. M'malo otere ndi mmene anthu a kumidzi anaphunzirira ukalipentala ndi kuceka matabwa.

Kaceke ka nthawi imeneyo kanali ka padzenje. Ankakumba dzenje lalitali, n'kugoneka cipika pamwamba pake. Munthu mmodzi ankaima pamwamba pa cipika, mnzake pansi m'dzenje, n'kumakokerana sowo wautali tsiku lonse, wapansi utuci ukumugwera m'maso. Cipika cimodzi ca mlombwa cinkatha masiku. Apanso muyeso unali thukuta.

Msika ndiwo unaonetsa kuti nkhwangwa nayo ikhoza kumaliza nkhalango ngati pali wolipira. Kuzungulira Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, alimi acizungu anayamba kulima fodya wa Virginia m'zaka za m'ma 1910 ndi 1920. Fodya ameneyu amaumitsidwa ndi moto m'mabani, ndipo moto wake suzima kwa masiku angapo. Kumadzulo kwa dziko, kampani ya Zambezi Sawmills inamanga njanji yocoka ku Livingstone kupita ku Mulobezi kuti izituta mitengo ya mukusi, imene ankapangira mitanda yogonekapo njanji. Ku Copperbelt, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha, malasha a pansi ocokera ku Wankie ankaperewera, ndipo kwa zaka pafupifupi khumi, kufikira pakati pa zaka za m'ma 1950, migodi inkaocha nkhuni kuti ipange magetsi. Nkhalango zazikulu zozungulira matauni a migodi zinagwa. Koma kuti zigwe panafunika magulu a anthu olembedwa nchito, akapitao, malole ndi ndalama za kampani. Munthu mmodzi payekha sakanatha.

Cigwa ca Luangwa cinapulumuka pa zonsezi cifukwa cinali kutali. Nchenche za tsetse zinkapha ng'ombe, motero kunalibe ngolo. Mvula ikayamba, misewu inkasanduka matope ndipo mitsinje monga Lupande inkatseka njira. Mu 1938 boma la atsamunda linapatula malo a nyama amene mu 1972 anadzakhala South Luangwa National Park, ya makilomita 9,050 m'bwalo lake lonse. Mu 1950 Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kutsegula msasa wa alendo odzaona nyama. Kucokera pamenepo cuma ca cigwa cinayamba kuwerengedwa mu nyama, ndipo nyama zimafuna mitengo.

Cocititsa cidwi n'cakuti m'zaka za m'ma 1960, amene ankaopedwa kuti amaliza mupani sanali munthu koma njovu. Zinali zambiri ndipo zinkathyola ndi kusenda mitengo. Boma linayamba kupha zina mwadongosolo n'kumagulitsa nyama yake, kuyambira ca mu 1965 kufikira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndipo malo a msika a ku Mfuwe amene timati Cropping anatenga dzina pa nchito imeneyo. Kalembera wa pandege wa mu 1973 anapeza njovu pafupifupi 86,000 m'cigwa. Zaka zotsatira opha nyama mobisa anazicepetsa koopsa. Komabe njovu ili ndi khalidwe limodzi labwino: ikathyola mupani, citsa cimaphukanso, ndipo nthambi zimene yagwetsa zimatsalira amai a pamudzi. Sinyamula mtengo kupita nao ku Chipata.

Kumene makina anabadwira

Chainsaw sinayambire m'nkhalango. Inayambira m'cipatala. Ca m'ma 1780, madokotala awiri a ku Scotland, John Aitken ndi James Jeffray, anapanga kacheni ka mano kokoka ndi manja kodulira mafupa a anthu. Mu 1830 dokotala wa ku Germany, Bernhard Heine, anapanga cida ca cheni yozungulira pa kacitsulo, yopukusa ndi dzanja, ca nchito yomweyo. Panapita zaka pafupifupi zana kuti nzeruyi ikumane ndi injini.

Mu 1926 Andreas Stihl anatsegula kampani ku Stuttgart n'kupanga chainsaw ya magetsi. Mu 1927 Emil Lerp, mwini kampani ya Dolmar, anatulutsa ya petulo. Stihl anatulutsa yake ya petulo mu 1929, yolemera makilogalamu 46, ndipo inkafuna amuna awiri, wina uku wina uku. Cheni ya mano opinda imene timaidziwa lero inacokera ku America: Joseph Cox, wodula mitengo wa ku Oregon, anaonetsetsa mmene mphutsi ya m'mitengo imabowolera thabwa ndi nsagwada zake, natengera pamenepo, ndipo mu 1947 anayamba kugulitsa cheni yake.

Caka ca 1959 ndico cinasintha zinthu. Stihl anatulutsa makina ochedwa Contra, olemera makilogalamu 12, amene munthu mmodzi ankanyamula yekha. Caka comweco Husqvarna ya ku Sweden, kampani imene inayamba mu 1689 ndi kupanga mfuti, inatulutsa chainsaw yake yoyamba. Mu 1968 kunabwera Stihl 070, mdzukulu wa Contra, wa injini ya 106cc. Ameneyu ndiye amene oceka matabwa a mu Africa muno amamudziwa kuposa onse. Anapangidwira zipika zazikulu, injini yake ndi yosavuta kumasula, ndipo makaniko wa pansi pa mtengo wa mango akhoza kuikonza ndi sipanala ndi sikuludilaiva.

Ku Ulaya mbiri sinaimire pamenepo. Odula mitengo anayamba kudwala matenda a zala zoyera ndi zadzanzi cifukwa ca kunjenjemera kwa makina, ena anagontha, ena anatemeka kumaso. M'zaka za m'ma 1960 makampani anayamba kuika zocepetsa kunjenjemera pakati pa injini ndi zogwirira, ndipo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 anabweretsa buleki yoimitsa cheni mwadzidzidzi. Pambuyo pake kunabwera malamulo a utsi ndi a citetezo ca anchito. Makina a mtundu wa 070 anacoka m'mashopu a kumeneko, koma anapitiriza kugulitsidwa ku Africa, Asia ndi South America. Kenako mafakitale a ku China anayamba kupanga ofanana nao, mtundu womwewo wa penti, maonekedwe omwewo, pa mtengo wotsika.

Conco mukamva kuti makina akale ndi olimba, n'zoona ndithu. Koma dziwani kuti cimene mukugula ndi nzeru ya mu 1968, yopangidwa anthu asanaphunzire zonse zimene anadzaphunzira ndi magazi ao. Ndi salaula, koma salaula wa mano.

Makina afika m'cigwa

Kucokera mu 1991, pamene dziko linatsegula malonda, katundu wakunja anayamba kulowa mosavuta, ndipo chainsaw inasiya kukhala cida ca makampani ndi maofesi a boma okha. Koma cida pacokha sicigwetsa nkhalango. Panafunika zinthu zina kuti zikumane naco.

Coyamba ndi msewu. Msewu wa Chipata kupita ku Mfuwe, umene kale unkathyola magalimoto, unathiridwa tara m'zaka za m'ma 2010. Alendo ndi odwala anapindula, koma lole ya nkhuni ndi malasha nayo inapindula. Caciwiri ndi anthu. Kalembera wa 2010 anapeza anthu pafupifupi 69,000 m'boma la Mambwe, ndipo wa 2022 anapeza oposa 100,000. Aliyense afuna munda wa thonje kapena cimanga, nyumba ya njerwa zoocha, ndi moto wophikira. Uvuni wa njerwa sufuna tinthambi, umafuna zipika. Cacitatu ndi magetsi. Madzi atacepa ku Kariba mu 2015, mu 2019, ndiponso pa cilala ca 2024 cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko, mabanja a m'tauni amene anali ndi masitovu anabwerera pa mbaula. Inu amene mukuwerenga ku Chawama, ku Mtendere kapena ku Kapata mudziwa mmene thumba la malasha linakwerera. Malasha a mupani ndi amene amafunidwa kwambiri cifukwa amakhalitsa pamoto.

Dziko linaonanso liwiro la chainsaw pa nkhani ya mukula. Msika wa ku China utayamba kufuna mtengowu, anyamata a kumidzi ya m'zigawo zingapo anapatsidwa makina ndi petulo kuti adule. Boma linaletsa kangapo kudula ndi kutumiza kunja, ndipo mu 2019 mukula unalembedwa pa mndandanda wa pangano la CITES wa zomera zimene malonda ake ayenera kuyang'aniridwa. Pofika nthawi imeneyo mitengo yambiri ikuluikulu inali itapita kale. Odula analandira zocepa, ndalama zenizeni zinapita kwa ena. Ciwerengero cimene cakhala cikuchulidwa kawirikawiri n'cakuti Zambia imataya mahekitala pakati pa 250,000 ndi 300,000 a nkhalango caka ciliconse, makamaka cifukwa ca minda yatsopano, malasha, nkhuni ndi matabwa.

Pali cinthu cimodzi cimene ogulitsa sanena: makina amasankhira mwini wake nchito. Chainsaw ya 106cc, yolemera makilogalamu oposa khumi isanaikidwe cheni ndi mafuta, si yodulira tinthambi togwa tokha. Imamwa petulo ngati njinga yamoto, ndipo mwini wake akaona mtengo wa lita imodzi, maso ake amapita pa mtengo waukulu umene udzaze lole msanga. Ngati makinawo anagulidwa ndi ngongole, maso amathamanga koposa. Mupani umene unatenga zaka zoposa moyo wa munthu kuti ukule umagona pansi m'mphindi zocepa. Mitengo italiitali imeneyi ndi imene ili ndi mphako, mmene mumakhala njuci ndi mbalame, kuphatikizapo tinkhwe tating'ono tobiriwira ta nkhope yofiirira timene alendo amati Lilian's lovebird, timene timagona m'mphako za mupani. Ndipo nkhuni zouma za pafupi ndi mudzi zikatengedwa ndi lole, amai amayenda mtunda wautali kulowa m'thengo, kumene amakumana ndi njovu ndi njati.

Ngati mwatsimikiza kugula

Sikuti aliyense wogula chainsaw ndi mdani wa nkhalango. Nchito yoyenera ilipo: kudula mitengo yogwa ndi mphepo, kusadza mitengo ya m'mapuloti a m'tauni, kukolola bulugamu ndi gliricidia wobzalidwa, kudula nkhuni za sukulu kapena cipatala pa cilolezo. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yambani ndi funso la kukula. Ngati colinga ndi nkhuni, makina a 50cc mpaka 70cc akwana, amamwa pang'ono, ndipo sakuthyolani msana. Makina akulu ngati 070 ndi a zipika zonenepa ndi matabwa.

Pitani ndi makaniko amene adziwa injini za two-stroke, ndipo uzani wogulitsa kuti asalize makina inu musanafike. Injini yotopa imalira bwino ikatentha, koma yozizira siinama. Nyamulani makinawo ndi cingwe colizira cokha: akatsika pang'onopang'ono, modukizadukiza, mphamvu ya mu silinda ikalipo; akatsetsereka msanga, injini yatha. Masulani ekizosi musuzumire pisitoni. Ngati ili ndi mizere yokandika, makinawo anayendetsedwapo ndi mafuta osasakaniza bwino kapena akuba mpweya penapake. Akalira, asiyeni alire okha pang'ono, muwapendeke uku ndi uku. Kulira kukamakwera kokha, kapena akamazima, pali cobooka. Lozetsani nsonga pa thabwa loyera n'kuonjezera moto: payenera kuoneka kamzere ka oilo, umboni wakuti pampu yothirira cheni ikugwira. Onani citsulo cacitali cimene cheni imazungulirapo, cimene amakaniko amangoti bar, ngati n'copindika kapena ngati ngalande yake yadyeka. Funsani nambala ya makina ndi pepala la malonda, cifukwa makina obedwa amayenda ndi milandu yake. Dziwaninso kuti penti ndi sitika sizitsimikizira dziko limene makina anacokera. Ambiri ogulitsidwa ngati a ku Germany ndi osakaniza, thupi lakale, zamkati zatsopano zochipa. Pomaliza funsani kumene mudzapeza masipeya. Makina amene pulagi, cheni ndi mphira za kabureta yake sizipezeka ku Chipata adzakhala cokongoletsera pansi pa bedi.

Pa kagwiritsidwe, injini ya two-stroke imafuna petulo wosakaniza ndi oilo wake wa two-stroke. Makina atsopano ambiri amafuna magawo 50 a petulo pa gawo limodzi la oilo. Akale ambiri ankalembedwa 25 pa limodzi. Tsatani zimene buku la makinawo likunena, ndipo musapime ndi maso. Oilo wakuda wokhetsedwa m'galimoto, umene ambiri amathira ku cheni, uli ndi tizitsulo timene timadya pampu ndi bar, ndipo si wabwino pa khungu. Mupani wouma umabunthitsa cheni msanga, makamaka ngati uli ndi dothi la ciswe, conco tupa wozungulira azikhala m'thumba. Cheni yakuthwa imatulutsa tizipalapasa; yobuntha imatulutsa ufa ndipo imakukakamizani kukanikiza, pamene ngozi zambiri zimayambira.

Ngozi yaikulu imabwera nsonga ya bar ikagunda cinthu. Makina amadumpha kubwerera kumaso mofulumira kuposa mmene munthu angaphethirire. Pa makina ambiri cheni imathamanga mamita pafupifupi 20 pa sekondi imodzi. Buleki ya cheni inapangidwira nthawi imeneyi, ndipo makina ambiri akale alibe. Ngati mungasankhe pakati pa akale opanda buleki ndi apakati okhala nayo, sankhani okhala nayo. Valani nsapato zolimba, zoteteza maso ndi makutu, ndi buluku lochinga miyendo ngati mungalipeze, osati mapatapata ndi kabudula. Musadule pamwamba pa phewa, musadule mutamwa, ndipo musapite nokha. Kucoka m'thengo la ku Malama kapena ku Msoro kufika pa cipatala cimene cingasoke mtsempha waukulu ndi ulendo wa maola, ndipo mwendo wotemeka sudikira.

Cilolezo

Lamulo la nkhalango la 2015 limafuna cilolezo ca Dipatimenti ya Zankhalango kuti munthu adule mitengo ya malonda, aoche malasha ogulitsa, kapena anyamule katunduyo pamsewu. Wopezeka alibe akhoza kulandidwa katundu ndi zida, ndiye kuti makina ndi ndalama zonse zapita tsiku limodzi. Mbali yaikulu ya Mambwe ili mu Lupande Game Management Area, kumene kuonjezera pa mfumu ndi anyakwawa kuli a dipatimenti ya nyama zakuthengo ndi mabungwe a anthu a m'dera ochedwa CRB. M'paki mwenimwenimo simudulidwa kanthu. Madera ena mafumu ndi anthu ao anawapatula pa mapangano a kaboni, monga a Luangwa Community Forests Project, ndipo ndalama zimene midzi imalandira zimadalira kuti mitengoyo ikhalebe ciimire. Kukhala mdzukulu wa pamudzi si cilolezo. Yambirani kwa anyakwawa, mufike ku ofesi ya zankhalango pa boma, musanagule ngakhale lita imodzi ya petulo.

Kuletsa kokha sikukwanira. Ghana inaletsa matabwa oceka ndi chainsaw mu 1998, koma kwa zaka zambiri pambuyo pake matabwa ambiri a m'misika ya dzikolo anali a chainsaw omwewo, cifukwa anthu ankafunabe kumanga ndipo anyamata ankafunabe nchito. Cimene cimathandiza ndi pamene eni mudzi ali ndi mphamvu ndi phindu pa nkhalango yao. Lamulo lathu la 2015, pamodzi ndi malamulo ake a mu 2018, limalola mudzi kupanga gulu loyang'anira nkhalango, movomerezedwa ndi mfumu, n'kudziikira malamulo a kadulidwe. Bungwe la COMACO, limene linayamba kuno ku cigwa mu 2003, lakhala likulimbikitsa alimi kubzala gliricidia m'minda ndi kuphikira pa mbaula zosadya nkhuni zambiri. Mnyamata wa makina amene agwira nchito ndi magulu otere ali ndi nchito ya zaka. Amene alowa usiku ali ndi nchito ya nyengo imodzi kapena ziwiri, kenako asamuke kukafuna thengo lina.

Mupani uli ndi mphatso yophukanso pa citsa ngati wadulidwa bwino ndipo mphukira zake zatetezedwa ku moto wolusa wa mu October. Koma mphukira kuti ifike pokhala mtengo wa mphako, wodulayo adzakhala atakalamba kapena atapita. Madzi akatayika saoleka.

Makolo athu sanafunikire kukhala pansi kupangana za kuculuka kwa mitengo yoti adule pa tsiku, cifukwa nkhwangwa inkawauza yokha kuti basi pakwana. Chainsaw siidziwa mau amenewo. Imaleka pokhapokha petulo akatha kapena mitengo ikatha. Amene waigula ndiye ayenera kudziwa mtengo woti ausiye, ndipo mudzi umene wamulandira uyenera kukhala ndi mphamvu yomuuza. Ngati mukubwera ku Mambwe ndi makina anu, bwerani ndi pepala la cilolezo, makaniko wodalirika, ndi mbande zoti mubzale.